Kusandutsa chithunzi chamitundu kukhala chakuda ndi choyera, tomato osasowa m'masamba

Pamsika wa Lizulu jambulani mulu wa tomato wakupsa psuu amene wayalidwa pambali pa mitolo ya mpiru. Pa foni chithunzicho chimakoma, chifukwa kufiira ndi kubiriwira zimalimbana ndipo diso limathamangira pa tomatoyo. Tsopano dinani batani lochotsa mitundu. Tomato uja ndi mpiru uja zonse zangoti mbuu mofanana ngati wina wazithira phulusa, moti muchita kuyang'anitsitsa kuti muone pamene tomato wathera ndi pamene masamba ayambira.

Foni sinalakwe, yangowerengetsa. Kadontho kalikonse ka pachithunzi kamakhala ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Pochotsa mitundu, mapulogalamu ambiri amatenga pafupifupi magawo 30 pa 100 a kufiira, 59 a kubiriwira ndi 11 a buluu, potsanzira mmene diso la munthu limaonera kuwala. Tiyerekeze kuti tomato ali ndi 200, 40, 30 ndipo tsamba lili ndi 60, 110, 50. Mukawerengetsa, tomato akupereka 87, tsamba 88. M'maso ndi zinthu zosiyana kutalitali, koma kuwala kwake ndi kumodzi. Sinthani kasakanizidweko, mutenge 70 ya kufiira, 30 ya kubiriwira, buluu osatengako: tomato akwera kufika 152, tsamba litsika kufika 75. Tembenuzani, mutenge 10, 80, 10: tomato ada kufika 55, tsamba liwala kufika 99. Chithunzi chake n'chomwecho, koma zotuluka zitatu. Luso lonse lagona pamenepa, posankha nokha kuti mtundu uliwonse utuwe motani, osaisiyira foni.

Yambani ndi fayilo yamitundu, yoyamba yeniyeniyo

Jambulani ndi mitundu ngakhale mukudziwa kale kuti chimene mukufuna ndi chakuda ndi choyera. Mukasankhiratu Mono kapena B&W m'kamera ya foni, mafoni ambiri amasakaniza okha n'kutaya mitunduyo, ndipo zikatero palibenso chobweza. Amene ali ndi kamera ya Canon kapena Nikon aike pa RAW+JPEG n'kusankha Monochrome. RAW ndi fayilo imene imasunga zonse zimene kamera yajambula isanazikonze. Pa sikirini aziona chakuda ndi choyera, zomwe zimathandiza kuweruza kuwala akadali pamalopo, koma fayilo ya RAW imakhala itasunga mitundu yonse. Mafoni ena ali ndi RAW pansi pa Pro, ndipo fayilo yake imathera ndi DNG. Imadya malo, inde, koma JPEG ili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse kuchokera pakuda kufika poyera, pamene RAW ya 12 bit ili ndi 4,096 ndipo ya 14 bit ili ndi 16,384. Mukayamba kukoka thambo kuti lide, masitepe 256 aja amachepa msanga ndipo thambo limatuluka mizeremizere.

Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp kapena pa Facebook n'chofinyidwa kale. JPEG ikamafinya imasamala kwambiri kuwala, mitundu imaisunga mongoyerekeza. Pa chithunzi chamitundu simuona kanthu, koma mukangouza pulogalamu kuti kufiira kuwale, buluu ade, timabokosi tonse timene tinabisala timatulukira, makamaka m'mphepete mwa nkhope ndi mwa zovala. Ngati chithunzicho n'cha munthu wina, mupempheni atumize ngati Document, kapena mukopere ndi chingwe kapena pa fulashi.

Koperani fayiloyo, muzigwirira ntchito pa kope. Ndipo Image, Mode, Grayscale musayiyandikire pakali pano, kaya ndi mu Photoshop kapena mu GIMP. Imataya mitundu musanaigwiritse ntchito.

Konzani chikadali ndi mitundu

Wongolani chithunzi ngati chapendekeka, dulani zosafunika m'mbali. Kenako konzani White Balance, imene imachititsa kuti zoyera zioneke zoyeradi. Ambiri amadumpha apa poganiza kuti mitundu ichoka basi, nanga kuikonza n'kwachiyani. Koma taganizani za ukwati umene wachitikira mu tenti yabuluu: nkhope, diresi, keke, zonse zalowa buluu. Kwa pulogalamu, zinthu zonsezo ndi mtundu umodzi, ndiye mukadetsa buluu chithunzi chonse chimada pamodzi. Zimakhalanso choncho ndi mababu achikasu a m'holo usiku. Tengani kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, dinani pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera koma sichinapse ndi kuwala, monga kolala ya shati imene ili pamthunzi. Mitundu ikabwerera m'malo mwake ndiye muli ndi zosiyanitsa.

Tsitsani Highlights, kamzere ka malo owala kwambiri, mpaka mapindo a nsalu yoyera aoneke. Ngati chithunzi chinajambulidwa kukuda, pa ISO 1600 kapena kuposa (ISO ndi nambala imene kamera imakweza kukakhala mdima), chotsani timadontho tamitundumitundu tsopano lino. Mu Lightroom ndi Color Noise Reduction, ndipo 25 mpaka 40 imakwana. Mukatisiya, timasanduka mchenga wokhakhala mukangoyamba kusakaniza.

Kusakaniza, pamene pagona ntchito

Lamulo lake ndi lakale, la nthawi ya filimu. Ojambula ankamanga galasi lamtundu kutsogolo kwa kamera, ndipo galasilo linkawalitsa zinthu za mtundu wake n'kudetsa za mtundu wotsutsana nawo. Lofiira limawalitsa zofiira n'kudetsa thambo ndi masamba. Lachikasu limadetsa thambo pang'ono chabe. Lobiriwira limawalitsa masamba n'kudetsa zofiira. Labuluu limawalitsa thambo n'kudetsa khungu la munthu. Mapulogalamu a lero angotengera zomwezo.

Pa foni, Snapseed ndi yaulere ndipo mukangoitsitsa sifunanso bandulo. Tsegulani chithunzi, pitani pa Tools, sankhani Black & White. Yambani ndi Neutral. Pansi pali kachizindikiro ka galasi lamtundu, ndipo mukadinapo mupeza Red, Orange, Yellow, Green ndi Blue. Yesani onse asanu mmodzimmodzi, maso ali pa chinthu chimene munajambulira chithunzicho, osati pa chithunzi chonse. Mukapeza amene akuchilekanitsa bwino ndi zimene zili kumbuyo kwake, khwekhwerezani chala m'mwamba kapena m'munsi kuti musankhe Brightness, Contrast kapena Grain, ndipo cham'mbali kuti muwonjezere kapena kuchepetsa. Contrast isapitirire 20 pakali pano, ntchito imeneyo ili kutsogolo.

Lightroom imapatsa ufulu wochulukirapo. Pa foni lowani mu Color, dinani B&W, kenako kachizindikiro kosakanizira mitundu. Pa kompyuta dinani V n'kutsegula B&W Mix. Mupeza timizere tokoka tisanu ndi titatu: Red, Orange, Yellow, Green, Aqua, Blue, Purple, Magenta, kalikonse kuchokera pa −100 mpaka +100. Mu Photoshop pitani pa Layer, New Adjustment Layer, Black & White. Imayambira pa Reds 40, Yellows 60, Greens 40, Cyans 60, Blues 20, Magentas 80. Pali kachizindikiro ka dzanja: dinanipo, kenako gwirani pa chinthu chimene mukufuna m'chithunzimo n'kukokera kumanja kuti chiwale kapena kumanzere kuti chide. Kadzanjaka kamaulula zambiri. Udzu ndi chimanga zimene inu mumati n'zobiriwira, pulogalamu imaziona ngati zachikasu, ndipo kawirikawiri ndi Yellows amene amayenda, osati Greens.

Amene alibe Photoshop atsitse GIMP, ndi yaulere. Mu Colors, pansi pa Components, muli Mono Mixer wokhala ndi timizere titatu, Red, Green ndi Blue, kalikonse koyambira pa 0.333. Onetsetsani kuti manambala atatuwo mukaphatikiza akukwana 1, kapena chongani Preserve luminosity. Mu Channel Mixer ya Photoshop chongani Monochrome, ndipo akwane 100. Akapitirira, zoyera zimapsa. Akachepa, chithunzi chimachita mdima.

Njira imodzi ndi yoti muziipewa: Desaturate ya Photoshop, imene imabwera ndi Shift+Ctrl+U, komanso Lightness ya mu Desaturate ya GIMP. Imangotenga nambala yaikulu ndi yaing'ono mwa zitatu zija n'kupeza yapakati. Chikasu chenicheni ndi buluu weniweni zonse zimatulukira pa 128 kapena pafupi pomwepo. Chitenje chachikasu cha maluwa abuluu chimangosanduka chinsalu chotuwa, maluwa aja osaonekanso, pamene aliyense akudziwa kuti chikasu n'chowala ndipo buluu ndi woderako.

Phiri ndi thambo

Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, lili ndi matanthwe otuwa, mitengo ya paini yobiriwira moderako, ndi thambo kumbuyo. Mukangochotsa mitundu, thanthwe ndi thambo zimayandikana kutuwa kwake ndipo nsonga ya phiri imasungunukira kumwamba. Tsitsani Blue kufika −30 kapena −40, Aqua −15 kapena −20, kuti thambo lide ndipo mitambo iti mbee. Painiyo imada kwambiri, choncho kwezani Green ndi Yellow ndi 15 kapena 25 kuti nthambi zioneke, isangokhala chimdima bii.

Blue musamukokere mpaka kumapeto. Masensa a makamera ambiri ali ndi timaso tiwiri tobiriwira, kamodzi kofiira ndi kamodzi kabuluu pa timaso tinayi tilitonse, kayalidwe kamene Bryce Bayer wa ku Kodak anapanga m'zaka za m'ma 1970. Buluu ndi amene amakhala ndi mchenga wambiri. Mukamupanikiza, thambo limachita mathothomathotho ndipo m'mphepete mwa phiri mumatuluka kamzere koyera ngati wina walembapo ndi choko. Kamzereko kamabwera chifukwa pamalire a thanthwe ndi thambo pali timadontho timene si tabuluu kwenikweni, ndiye thambo likada ito timatsala towala. Kulitsani chithunzi kufika 100%, yendani m'mphepete monsemo. Mukakaona, bwezani Blue pang'ono, ndipo musasiye Blue ndi Aqua zitatalikirana kwambiri. Mitundu yoyandikana iziyendera limodzi.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mvula ikangokata m'miyezi ya dzinja, mpweya umakhala woyera ndipo thambo limamvera msanga. Mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri akutali. Mukaima pamwamba pa msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti n'kuloza kuchigwa, galasi lofiira kapena la olenji limaboola utsiwo pang'ono, chifukwa kuwala kwa buluu ndi kumene kumamwazika kwambiri mumpweya. Koma thambo likakhala loyereratu, mulibe buluu woti mudetse, ndipo kukoka Blue n'kungodzivuta. Nkhungu ya m'mawa mu Juni ndi Julayi ku Bembeke ndi nkhani ina: isiyeni ikhale nkhungu. Chithunzi chotero sichifuna chakuda chenicheni, kukoma kwake ndi mitengo imene ikuzimiririka pang'onopang'ono.

Khungu la munthu

Apa ndi pamene ojambula maukwati ndi zinkhoswe amapunthwa. Khungu, lakuda kapena loyererako, limakhala mu Orange, ndipo pang'ono mu Red. Kwezani Orange ndi 10 mpaka 25, nkhope iwala ndipo isalala, chifukwa ziphuphu ndi zipsera sizionekera kwambiri mu kufiira. Mukapitirira 40 munthu amatuwa ngati wagwera mu ufa, mphuno imaphwatalala, ndipo abale ake akaona amafunsa kuti kodi anadwala. Red mukamukweza kwambiri milomo imafanana ndi masaya. Msiyeni pa 0 kapena mtsitseni pang'ono kuti milomo ioneke. Cholinga si kuyeretsa munthu. Khungu lakuda limakongola pa chithunzi chotere likakhala lakuda ndithu, koma kuwala kukuonekera pachipumi, pamphuno ndi pamasaya.

Galasi labuluu limachita zosiyana: limadetsa khungu n'kutulutsa khwinya lililonse ndi timabowo tonse. Pa nkhope ya agogo aamuna a ndevu zaimvi, kapena pa manja a mlimi akukumba mbatata ya kachewere ku Tsangano, lingakupatseni chithunzi champhamvu. Pa mkwatibwi musayerekeze.

Vuto lina ndi loti kamzere kokoka sikadziwa munthu, kamangodziwa mtundu. Njerwa zootcha, dothi la katondo, mphika wadothi ndi khungu, zonse zili mu Orange. Munthu akaima patsogolo pa khoma la njerwa, mukamawalitsa nkhope khomanso likuwala, ndipo amakanirira kukhomako. Apa timizere sitingathandize. Sakanizani moganizira nkhope, khomalo mudzalidetse ndi burashi pambuyo pake. Ndipo ulendo wina muimikeni munthuyo patsogolo pa mpanda wamaluwa, pakhomo lamdima, kapena mayadi angapo kutali ndi khoma.

Nsalu yoyera pafupi ndi nkhope yakuda, monga diresi la ukwati kapena malaya ndi maduku a amayi a Chigwirizano, imafuna kusamala kuyambira pojambula pomwe. Nsalu ikapsa n'kufika pa 255, mapindo ndi zingwe zake zapita, palibe pulogalamu ingazibweze. Nkhope ikaderako pang'ono mutha kuidzutsa. Ndiye pojambula tetezani nsalu, muwaike anthuwo pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo wamasamba othithikana, osati padzuwa la masana limene limasiya maenje akuda m'maso.

Zojambula za pamiyala ya Chongoni

Malo amene amaphunzitsa bwino nkhani yonseyi ndi Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kuli zojambula zofiira, zambiri zozungulira ndi zamizeremizere, zimene zimatchedwa za Akafula, ndiponso zoyera za dothi zimene anajambula Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Zofiirazo n'zakale ndipo zambiri zinafwifwa. Mukazijambula ku Mphunzi kapena ku Chencherere n'kudina galasi lofiira, zimasoweratu, chifukwa mwawalitsa utotowo mpaka wafanana ndi thanthwe. Chofunika n'chotsutsana nacho. Mu Snapseed sankhani Green. Mu Channel Mixer yambani ndi Red 0, Green 75, Blue 25. Mu Lightroom tsitsani Red kufika −50 kapena −60, kenako yesani Orange mosamala, popeza thanthwe lenilenilo nthawi zina limakhala ndi kufiirira kwake, ndipo mukatsitsa Orange mudetsa zonse pamodzi. Buluu yekha amadetsa utotowo kuposa onse, koma m'mapanga mumakhala mdima, ISO imakwera, ndipo mchenga wa buluu umakwirira timizere tating'ono timene mumafuna.

Zoyera zija n'zosavuta: detsani thanthwe potsitsa Orange ndi Yellow, zoyerazo zidzionekera zokha. Musawalitse fulashi molunjika, mwala umanyezimira n'kubisa utoto. Ndipo kuthira madzi pamwala kuti utoto uoneke bwino, kapena kukhudza ndi dzanja, n'kuwononga. Zimene madziwo akanachita, kamzere ka Red kamachita popanda kuononga kanthu.

Nzeru yomweyi imagwira pa gule wamkulu, mukaloledwa ndi eni dambwe kujambula. Chigoba chofiira cha Simoni, kumbuyo kuli mitengo, chimasowa ngati tomato uja mpaka mutasankha kuti chiwale kapena chide. Chakuda cha Chadzunda sichimva timizere ta mitundu n'komwe, chimafuna Shadows ndi burashi. Fumbi limene gule amautsa, dzuwa likakhala kumbuyo kwake, limawala bwino kwambiri pa chakuda ndi choyera. Musalichotse ndi Dehaze, chida chochotsera utsi ndi nkhungu pachithunzi.

Pezani chakuda chenicheni ndi choyera chenicheni

Mukamaliza kusakaniza, chithunzi chimaonekabe chofooka. Tsegulani Levels, mu Photoshop ndi Ctrl+L, mu GIMP ili mu Colors. Muona histogram, kachithunzi kooneka ngati mapiri, kumanzere kuli 0 amene ndi bii, kumanja 255 amene ndi mbee. Ngati mapiriwo akuyambira pa 25 n'kuthera pa 220, ndiye kuti m'chithunzi chanu mulibe chakuda kapena choyera, muli kutuwa kokhakokha. Kokani kakona (kachizindikiro ka makona atatu) ka kumanzere mpaka patsinde pa phiri, ka kumanjanso chimodzimodzi. Mu Photoshop gwirani Alt pamene mukukoka, muona malo amene ayamba kutayika. Mu Lightroom ndi Blacks ndi Whites, ndipo pa kompyuta J amaonetsa zotayikazo. Lolani chakuda chenicheni chipezeke pa malo ochepa, monga m'kati mwa khomo kapena pansi pa galimoto. Choyera cha 255 chikhale pa kunyezimira kwa chitsulo kapena kwa madzi basi. Nsalu yoyera ikhale pakati pa 235 ndi 245.

Kenako Curves. Ikani kadontho pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mzerewo kuchokera pansi n'kutsitsa pang'ono, kena pa magawo atatu n'kukweza pang'ono, mzere upindike ngati S wosapindika kwambiri. Chenjerani apa: nkhope zathu zambiri zimagwera m'munsi mwa mzerewo, ndendende pamene S akudetsa. Ngati chithunzi n'cha anthu, yambani mwaika kadontho pamene pagwera khungu kuti pasasunthe, kapenanso mupakweze pang'ono, n'kudetsa zokhazo zimene zili pansi pake.

Zonsezi muzichita sikirini ili pakatikati kuwala kwake, muli m'nyumba. Foni yowala mpaka kumapeto imanamiza: mumaona ngati m'mithunzi muli zinthu, koma pa pepala mudzangoti bii. Zimitsaninso zija zoteteza maso usiku zimene zimachititsa sikirini chikasu.

Burashi: kuwalitsa apa, kudetsa apo

Popeza mitundu yachoka, chimene chimatsogolera diso tsopano ndi kuwala. Diso limapita pamene pawala kwambiri, ndipo ngati pamenepo ndi chigubu choyera chimene chili pakona, anthu aziona chigubu. Mu Snapseed tengani Brush, sankhani Dodge & Burn, ikani pa +5 powalitsa kapena −5 podetsa, kulitsani chithunzi kuti burashi ichepe, n'kupaka. Selective imathandizanso: ikani kadontho pankhope, tsinani ndi zala ziwiri kuti dera lake lichepe, kwezani Brightness ndi 10 kapena 15. Pa kompyuta pangani layer yatsopano (ili ngati pepala loonekera loika pamwamba pa chithunzi), idzazeni ndi kutuwa kwa 50%, isintheni ikhale Soft Light, n'kumapaka ndi burashi yofewa pa Opacity ya 5 mpaka 10. Yoyera imawalitsa, yakuda imadetsa. Pakani kangapo mopepuka, osati kamodzi mwamphamvu. Walitsani maso pang'ono ndi mbali ya nkhope imene kuwala kunagwera kale. Detsani khoma la njerwa lija, makona, ndi kunyezimira kwa thukuta pachipumi ngati sikunapseretu. Muzizimitsa layer imeneyo n'kuyatsanso: mukaona kuwala kozungulira mutu wa munthu ngati pa zithunzi za oyera mtima, mwapaka mopitirira malire.

Structure ndi Clarity n'zokoma pa miyala, makungwa, madengu ndi mbiya, koma pa nkhope zimakalambitsa. 10 kapena 15 yakwana, ndipo ndi bwino kuipaka pamalo pofunika pokha. Kunola chithunzi kubwere komalizira, mutadziwa kukula kwake: Unsharp Mask pa Amount 80 mpaka 120, Radius 1, Threshold 3. Grain pang'ono, 10 mpaka 15, amabisa mizeremizere ya pathambo. Sungani ntchito yanu pafupipafupi ngati PSD mu Photoshop kapena XCF mu GIMP, magetsi sapangana ndi munthu.

Kusunga ndi kukatsukitsa

Mu Snapseed lowani mu Settings, pa Format and quality ikani JPG 100%, ndipo pa Image sizing musalole kuti ichepetse. Pa kompyuta tulutsani JPEG pa 90 kapena kuposa, ikhalebe mu RGB, ya sRGB, ngakhale ikuoneka yakuda ndi yoyera. Makina ambiri otsukira zithunzi amayembekezera fayilo yotero. Kuti pepala lituluke lakuthwa pamafunika mapikiselo 300 pa inchi: chithunzi cha mainchesi 4 kwa 6 chikhale 1200 kwa 1800, cha 8 kwa 10 chikhale 2400 kwa 3000, cha A4 chikhale 2480 kwa 3508. Pitani nacho pa fulashi kapena tumizani ngati Document.

Ku situdiyo uzani wotsukayo azimitse zokonza zokha za makina ake, apo ayi makinawo ayesa kuwalitsa chimene inu munadetsa dala. Chithunzi chikatuluka chobiriwirira kapena chofiirira, vuto si fayilo yanu. Pirinta ya inki zamitundu imapanga kutuwa posakaniza inki zitatu, ndipo imodzi ikachuluka pang'ono kapena kabowo kake kakatsekeka, mtundu umaonekera. Apempheni asankhe Grayscale kapena inki yakuda yokha pa pirintayo. Inki yakuda yokha imaonetsa timadontho pamalo owala, koma mtundu wachilendo sukhalapo. Njira ina ndi kuika dala kufiirira pang'ono ngati kwa zithunzi zakale, ndi Tint ya mu Black & White ya Photoshop, Hue 35 mpaka 40, Saturation 8 mpaka 10. Kakupotoka kakang'ono ka pirinta kamabisala m'menemo.

Chithunzi chopita pa pulogalamu ya ukwati, ya maliro kapena ya kutchalitchi, imene idzachulukitsidwe pa fotokope, chimafuna fayilo yakeyake. Makina amenewa alibe kutuwa kwenikweni, amangoyala timadontho takuda, ndipo pa pepala wamba timadonthoto timakula n'kugundana. Nkhope imene pa foni ikuoneka bwino imatuluka chikuda chokhala ndi maso ndi mano okha. Koperani fayilo ina, mu Levels sunthani kakona kapakati kuchoka pa 1.00 kufika 1.25 kapena 1.35, ndipo pa Output Levels kwezani 0 afike 20 kapena 25. Chepetsani Contrast, yeretsani kumbuyo kwa munthu, dulani chithunzi kuti nkhope ikule. Pa sikirini chioneka chofwifwa, ndipo n'chimene chikufunika. Pirintani tsamba limodzi kuchokera pa kompyuta, osati kukopa pepala lopirintidwa kale, sankhani Photo pa makinawo ngati ilipo, mutuluke nalo panja muliyang'ane powala. Ngati makutu ndi tsitsi sizikulekana ndi kumbuyo, onjezani kakona kapakati kaja ndi 0.10 n'kuyesanso tsamba lina musanalamule mazana awiri.